Mlandu Wogona pa Msonkhano wa Tulo

Kwa Bwana Woona za Umoyo wa Ophunzira,
Pakoleji yathu ino, Alabama, ku America.

Wolemekezeka Bwana,

Ndine Latavia Boykin, kamunthu kosanunkha kanthu kamene kamasenza chilipenga chachikulu chija kumzere wakumbuyo m'bandi ya koleji. Ndalemba kuti ndithokoze. Mwandiletsa kuguba Loweruka, pa chikondwerero cholandira ophunzira akale, chifukwa ndinagona pa msonkhano wanu wotiphunzitsa kugona. Nzeru zotere sizipezeka paliponse.

Choyamba, zikomo poika msonkhanowo mbandakucha. Munatidzutsa kuti mutiuze kuti sitigona mokwanira. Ife sitinkadziwa.

Chachiwiri, munati tizigona msanga. Eetu! Koma bwalo masana ndi la anyamata a mpira, ife a bandi timalipeza iwo akatopa. Timaguba mpaka udzudzu utakhuta. Pobwerera milomo yatupa, mabuku ali phee kundidikira.

Chachitatu, tsitsi. Inu Bwana, Mulungu anakupeputsirani katundu ameneyu kalekale, ndiye simungadziwe. Woluka bwino m'nyumba yathu yogona ndi Keondra yekha, ndipo mzere wa atsikana umafika pamasitepe. Wina akapsereza lake ndi chipeso chamoto, belu lochenjeza za moto limalira, tonse n'kuthamangira panja ndi mipango yogonera kumutu, kudikira galimoto yozimitsa moto idzazimitse mutu wa munthu mmodzi.

Chachinayi ndaiwala, ndinasinza polemba.

Za mafoni munanena zoona, sindikana. Kungoti mauthenga otikumbutsa kuzimitsa foni, amene amatidzidzimutsa tikangoti tatseka maso, amachokera ku ofesi yanu.

Ndiye pa msonkhano paja mawu anu ofatsa ananditenga bwinobwino, ndinaliza mkonono. Ndinkayesa mudzanyadira, poti m'holo monse muja ndine ndekha amene ndinachita zimene munaphunzitsa, pompopompo.

Koma kunena zoona, Bwana, zikundiwawa. Chilipenga chija ndasenza chaka chonse mpaka phewa linapendekeka. Mayi anga ndi azakhali anga, a Earline, abwereka kale basi ya tchalitchi kwathu ku Selma. Amayi a kwaya onse akubwera, zipewa zatsopano anagula, ndipo abusa analengeza dzina langa paguwa. Ine kuwauza kuti sindiguba, ayi, pakamwa pakulemera.

Pempho langa n'laling'ono. Ndiloleni ndigube. Ngati lamulo silingalole, ndine yani ine kulimbana nalo? Mudzangoima nokha pageti Loweruka, mudzawafotokozere amayiwo akamatsika basi. Pofuna kukupeputsirani ntchito, azakhali ndawapatsa kale nambala yanu. Iwo ndi mtsogoleri wa mapemphero ochezera, sagona, ndipo munthu akapanda kuyankha foni amapita kwawo ndi kwaya yonse.

Ndikukufunirani tulo tabwino pamene mudakali nato.

Ine wanu wodzichepetsa, woyasamula,
Latavia Boykin