Kalata Yopanda Moni

Lolemba

Lero ndine mphunzitsi. Ndilembenso kachiwiri kuti ndimve kukoma: ndine mphunzitsi!

Zaka 19 ndikuphunzitsa Chingerezi ku sekondale ku Ntcheu, zaka zisanu ndi chimodzi ndikusambitsa okalamba kuno ku Silver Spring ku America, palibe amene anandifunsapo za setifiketi imene imagona m'sutikesi kunsi kwa bedi. Mpaka dzulo. Mayi Liu, a ku China a khomo loyang'anizana ndi lathu, anandiimitsa kochapira zovala. Kwawoko ali ndi mwana wa achimwene awo, mtsikana, dzina lake Ting. Mu Juni alemba mayeso aakulu omaliza sekondale, ogamula yunivesite yomwe munthu apite. Pa pepala la Chingerezi pali polemba kalata, ndipo pa malikisi 15 iye amangokakamira pa 9. Akufuna 12. Lachisanu lino alemba mayeso oyeserera kusukulu. Malikisi akakwera, Mayi Liu andibweretsera ana a anzawo enanso. Akapanda kukwera, sananene, koma ndamva.

Kalata? Ine? Andipatse zina zovuta.

Zokonzekera:
- mabolopeni ofiira awiri
- setifiketi, ndaipachika pakhoma poti kamera iziiona
- bambo a Chisomo achoke pabalaza ndi vesiti yawo yobookayo

Kuno 9 koloko m'mawa, kwawo 9 koloko madzulo. Ndatsegula laputopu. Kamtsikana ka magalasi, kumbuyo kwake mulu wa mabuku wotalika kuposa iye. Ndakonza nkhope, ndikudikira moni. Iye: "Funso 21."

Osati mwadzuka bwanji, osati dzina lanu ndani. Funso 21! Ngati ine ndi makina ogulitsa matikiti a sitima.

Ndati andionetse kalata imene anapeza nayo 9. Akulembera mnzake wa kunja. Mzere woyamba weniweni: "Ndikulemba kukuitanira ku chionetsero cha zojambula pasukulu pathu." Abale inu! Munthu sunamufunse ngati wadzuka, ngati kwawo kuli maliro, wayamba kale kumuitanira zojambula? Matenda ndawapeza tsiku loyamba lomwe. Amene anampatsa 9 uja anachita chifundo.

Ndawanong'oneza Mayi Zulu, anzanga a ku Zambia a kutchalitchi, za ntchito yatsopanoyi. Ndawapempha kuti asauze munthu.

Lachiwiri

Phunziro loyamba: kalata ya munthu woleredwa. Ndamuyalira motere:
1. adiresi ndi tsiku
2. kufunsa za moyo wa wolandira
3. kufunsa amayi ake, abambo ake, ndi onse a pakhomo
4. kunena za moyo wako, zoona zokhazokha
5. mvula
6. apa tsopano ungathe kunena kuti cholinga cha kalatayi ndi chakuti

Pa nambala 4 ndapereka chitsanzo cha ine mwini: ndili bwino, kupatula bondo lakumanzere limene latupa ndi kunyamula nkhalamba za kuno. Walemba zonse m'kope, ndi bondo lomwe. Mwanayu amalemba chilichonse chotuluka pakamwa panga. Ana a ku Ntcheu aja ankangondiyang'ana ngati ndikuyimba.

Kenako wakweza dzanja, pa kamera! "Aphunzitsi, mnzangayo kulibe. Ndi wongopeka wa mayeso."

Aphunzitsi. Zaka zisanu ndi chimodzi ndisanalimve. Ndayang'ana kumbali pang'ono, ndikuchita ngati ndikufuna magalasi amene ali pamphuno panga.

Ndamuyankha kuti ngakhale munthu wongopeka ali ndi amayi ake.

Wakwezanso dzanja. "Mawu amafuna 80 okha."

80! Imeneyo ndi kalata kapena telegalamu ya maliro? Kwathu malonje okha amatha theka la ola, mlendo asanalandire ndi madzi omwe. Ndikukhulupirira sanamvetse, ndi 800.

Kuntchito masana. Mkulu wa shifiti wandifunsa kuti ndili bwanji, ndisanatsegule pakamwa wafika kale kumapeto kwa khonde. Dziko lonseli ndi lotere, amafunsa akuthawa. Ndiye ndilole kuti ndi a ku China omwe alowerere chonchi ine ndikuona?

Madzulo foni ili ngwee ngwee. Mayi Zulu alemba pa gulu la pafoni la amayi onse a kutchalitchi: "Ba teacher batu basegula sukulu ya ma Chinese, manje tiyeni tibapempherere!" Amayi ayankha ndi tizithunzi ta manja opemphera 34. Ndinati asauze munthu!

Lachitatu

Si 800. Wandionetsa pepala lenileni. 80.

Kalata yake yatsopano yabwera, ndipo ndi yokongola moti ndikanaiwerenga pa asembule. Wafunsa mnzakeyo, amayi ake, agogo ake, wafotokoza za chimfine chake, wafunsa za mvula. Ndi ulemu wonse wati tiwerenge mawu. Tawerenga limodzi, iye ndi pensulo, ine ndi chala. Moni yekha mawu 71. Otsalira chionetsero cha zojambula ndi 9.

Ndati vuto si moni, vuto ndi mayeso.

Zina zimene ndaphunzira lero, zonse zopsetsa mtima:
- mapepala awo sagwiridwa ndi dzanja, amajambulidwa, wochonga n'kumawaona pa kompyuta
- amangoponyapo diso, wadutsa
- chifukwa chake ana amaphunzira kulemba zilembo zozungulira, zosagundana, ngati zotayipa
- zilembo zanga zolumikiza, zimene ndinakwapulidwira zala ku mishoni, Ting akuti "n'zokongola, koma zikuti chiyani?"

Asa!

Kuti adziwe amene akuchita naye, ndamuuza atumize pepala la nkhani zowerenga ndi kusankha yankho, ndilembe ndekha. Nkhani ina ya munthu wodzala mitengo padenga, ina ya njuchi. Mayankho anayi anayi, ndipo onse anayi ndi oona! Wolemba mafunso ameneyu ali ndi mtima wa mfiti. Ndakhoza 11 pa 20. Ting pepala lomwelo anakhoza 18. Sindinamuuze, ndati intaneti inavuta.

Bambo a Chisomo aliona pa tebulo. Aseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. "Amayi a Chisomo, kwa eni kulibe mkuwe. Phunzitsani zimene eni ake akufuna." Munthu woti kalata zake zondifunsira ndinkachita kumukonzera ndi bolopeni yofiira ndisanayankhe.

Bambo wina wa ku Falls Church, tauni yapafupi, waimba. Wamva za sukulu, akufunsa ngati malo a wachiwiri kwa ahedi adakalipo.

Lachinayi

Gogogo m'mawa. Mayi Liu, mbale ya timitanda tawo taufa ta nyama m'kati dzanja ili, pepala dzanja ilo. Pepalalo lachokera kwa mphunzitsi wa Ting wa kusukulu: ziganizo zoloweza, zitatu zoyambira kalata, zitatu zotsekera, pakati ungosintha mawu awiri atatu. Kalata ngati yunifolomu, aliyense saizi imodzi.

"Musamuphunzitse Chingerezi," akutero akumwetulira. "Mumuphunzitse mayeso."

Ndalandira mbale ndi manja awiri, chifukwa ine ndinaleredwa. Pepalalo ndaikirapo poto wotentha.

Akuti kwawoko malikisi amodzi okha ukataya, anzako okupitirira amadzaza bwalo la mpira. Zokokomeza basi. Komabe zandikhala pamtima, ndiye pa phunziro ndalolera kudula. Opaleshoni yayenda motere:
- adiresi, yachoka
- agogo, achoka, andikhululukire
- abambo, achoka mosavuta
- chimfine, chachoka
- mvula, ndaifupikitsa
- amayi: AYI. Apa pokha ndifere pomwepo.

Moni watsika kufika mawu 40. Theka ulemu, theka nkhani. Palinso chilungamo choposa apa?

Ting akuyasamula, maso ali psuu, kuyambira m'bandakucha ali pa mabuku. Wayamba pang'onopang'ono: "Aphunzitsi anga a kuno akuti..." Ndamudula. Ndamufunsa ngati aphunzitsi akewo anapondako dziko la Chingerezi. Ine ndikukhala momwemo! Wagwedeza mutu, walemba.

Kuntchito nkhalamba ya m'chipinda 12 yandibwerezetsa katatu mawu oti madzi, m'Chingerezi changa cha zaka 19. Ndi makutu ake, si ine.

Mawa mayeso. Ndasita bulauzi, kaya chifukwa chiyani.

Lachisanu

Pamene ine ndimadzuka, iye anali atalemba kale. 9 koloko ndili pa laputopu, mtima uli m'mwamba.

Funso linali lotere: lembera mnzako wa kunja, umudziwitse kuti mpikisano wothamanga wa pasukulu wasintha tsiku ndi malo.

Ndati, "Ndiye?"

Akuti anayamba ndi moni wa mawu 40 uja. Koma atafika pa amayi anaona kuti n'kulakwa kuwasiya abambo okha panja, anawabwezeramo. Atabwezera abambo anamvera chisoni agogo. Ndipo popeza ndi nkhani yothamanga, anafunsa mnzakeyo ngati mawondo ake ali bwino.

Mwana wanga! Misozi inalengeza.

"Nanga tsiku ndi malo?"

Akuti pepala loyankhira lili ndi mizere yowerengeka m'kati mwa bokosi, ndipo zolemba kunja kwa bokosilo kompyuta siziona. Mizere inatha atangolemba kuti cholinga cha kalatayi ndi chakuti.

Ndamuuza kuti ndi kalata yabwino kwambiri imene dziko la China lalandirapo. Ndanena mokweza kuti nanenso ndimve. Wochonga aliyense wobadwa kwa mayi aiona. Eti?

Zotsatira akuti mawa. Mawa! Ife tinkachonga mwezi wathunthu, mapepala ena mpaka kudyedwa ndi chiswe. Anthu awa akuthamangira kuti?

Bondo likuwawa.

Loweruka

6.

Pa 15. Anali pa 9.

Mayi Liu abwera ndi foni, chithunzi cha pepalalo chili pamenepo, m'mbali muli zolemba zofiira m'chilankhulo chawo. Andimasulira: "Mnzakoyu wadziwa kuti umamukonda iye ndi banja lake lonse. Chimene sakudziwa ndi kumene apite."

Mwano! Ndipo ndi bolopeni yofiira, chida changa chomwe!

Ndayamba kulongosola. Kuti chilankhulo si mizere, kuti dziko lochotsa malikisi chifukwa chofunsa amayi a munthu lili ndi matenda, kuti wochongayo abwere kuno tikambirane maso ndi maso. Mayi Liu angoima, akudikira kuti ndimalize. Kenako akuti Ting walira. Dzina lake latsika pa mndandanda umene amamata pakhoma la kalasi, ndipo makolo onse amauona pa foni.

Amati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, koma apa nkhuyu ndadya ine, zapota mwana wa eni. Ting anandiuza Lachiwiri kuti 80. Anandiuzanso Lachitatu ndi pensulo m'manja. Ine ndinkangomva mawu amodzi aja, aphunzitsi, ndipo ndinkafuna azingowabwereza. Ndachita manyazi, ndinene zoona.

Mayi Liu andisiyira malalanje asanu ndi limodzi. Akuti Ting "apumule kaye" maphunziro a m'mawa. Kuchotsedwa ntchito ndi malalanje, ndi koyamba.

Bambo a Chisomo sanaseke. Asenda lalanje limodzi, andipatsa theka. Zikanakhala bwino akanangoseka.

Pepala la ziganizo zoloweza lija ndalichotsa pansi pa poto. Ndaliwerenga. N'lonyansa. Likanampatsa 12.

Lamulungu

Kutchalitchi Mayi Zulu akuwa kuchokera koimika magalimoto: "Ba headmistress!" Ndati sukulu yatsekera holide. Wa ku Falls Church uja wabwera ndi mapepala ake mu envulopu, ndazemba potulukira ana a Sande sukulu.

Kunyumba ndatsitsa setifiketi. Yabwerera m'sutikesi, malo ake anali asanazizire. Mawa shifiti ya masana, chipinda 12, madzi katatu. Basi, ndi momwemo.

Ndikutseka sutikesi, foni yalira. Chithunzi, kuchokera kwa Ting. Kalata, pa pepala la mizere la m'bokosi lija, zilembo zozungulira ngati zotayipa. Mzere woyamba: "Ndikulemba kukuthokozani chifukwa cha maphunziro anu." Moni palibe. Ndime zitatu: kuthokoza, chifukwa chimene sapitirizira, mafuno abwino. Ziganizo za pansi pa poto zija zonse zilimo. Ndawerenga ndi chala. 80 ndendende. Imeneyi apeza nayo 13, ndipo ine ndilibemo dzanja.

Ndimati ndizitseka, ndaona pansi penipeni, kunja kwa bokosi, kumene kompyuta siona. Tizilembo ting'onoting'ono, tolumikiza, topindika ngati ta mwana woyamba kumene:

"Aphunzitsi, bondo lanu lakumanzere lili bwanji? Amayi anu ali bwanji? Mvula yagwa kumeneko? Ndikudikira yankho."

Zaka zisanu ndi chimodzi m'dziko lino, woyamba kufunsa n'kuima kudikira ndi mwana amene ndamugwetsa malikisi atatu.

Ndatenga pepala. Bolopeni yofiira ndaisiya, ndatenga yabuluu. Ndili pa mawu 640, ndipo sindinafikebe pa cholinga cha kalatayi.