Njinga yofiira inapita ndi liwu limodzi

Mpaka lero ku Mponela ndimapita wapansi, ndipo wolakwa ndi pakamwa pangapa.

Zipani zambiri zitangoyamba kumene, pasukulu ya kwathu ku Nachisaka panabwera mayi wa ku Japani wophunzitsa masamu. Anali ndi njinga yofiira. Aphunzitsi aakulu anandinong'oneza kuti mayiyu akufuna kuona malo akale amene alendo sawadziwa, ndipo pobwerera kwawo njingayo adzasiyira womuonetsa. Ine mbiri ndimaidziwa (Sitandade 3 ndinaiphunzira zaka zitatu, osati mwachibwana).

Loweruka ndinamutengera kuphanga komwe makolo ankabisala nkhondo ya Angoni.

"Amayi, apa mwakhutira?"

Anawerama nati, "Hai."

Ayi? Chabwino. Tinakwera phiri lina kukaona ng'anjo yosungunulira chitsulo.

"Nanga apa?"

"Hai, hai."

Kukana kawiri, uku akumwetulira. Malo enieni anandithera, ndiye ndinayamba kupeka. Chigafa chakugwa cha alamu anga ndinati linali linga la asilikali. Anachijambula, nakananso. Pofika kumalire a Ntchisi, maondo akulira ngati chitseko, ndinali nditaloza chulu n'kunena kuti munagona ngwazi (anachiweramira chuluyo, inenso ndinawerama).

Lolemba ndinakadandaula kwa aphunzitsi aakulu. Anaseka mpaka kutsamira khoma.

"Madala, kwawoko hai ndiye inde. Munthuyu anakhutira paphanga pomwe paja."

Miyezi inapita, mayi uja Chichewa n'kuchigwira. Tsiku lotsanzika anaitana ine ndi akatekisiti a kutchalitchi kwathu kukamwa tiyi wa kwawo. Anativulitsa nsapato, natigwaditsa pamphasa ngati atengwa. Tiyiyo anali wobiriwira ngati madzi a chisoso, shuga osaponyamo. Ndinamwa, maso ali panjinga.

Kenaka anati, "Agogo, njinga ija mukuifuna?"

Apa ndinati ndimuonetse kuti Chijapani nanenso ndachitola. Ndinawerama mpaka chipumi kugunda mphasa, n'kuyankha mwaulemu wonse. Koma pakamwa pa Mchewa wopanda mano, hai amatuluka wopanda chipewa chake cha h.

"Ayi? Oo, pepani. Mumakonda kuyenda, ndinaona tsiku lija. Akatekisiti, nanga inu?"

"Inde," anatero akatekisiti, m'Chichewa chosavuta.

Ndinati ndidzuke ndilongosole, koma miyendo inali itafa dzanzi ndi kugwada kuja. Ndinagwera chammbali, belu la njinga likulira kale kumsewu.

Masiku ano akatekisiti akandipeza panjira amaima. "Madala, ndikukwezeni?"

Ine ndimangokwera, osayankha.