Dzina la Esinati pa Mpendero wa Chitenje

Amene akuti ndikunama atuluke panopa, khomo ndi ilo, chifukwa ndikunena za mkazi wanga amene anatisiya, ndipo pa dzina la womwalira sitisekapo. Inu adzukulu anga a mafoni mwakhala mukukangana chiyambire masana kuti malonda anu muwalengeze kuti. Funsani ine Banda, amene ndinaika dzina pamalo poti Lusaka yense anawerama kuti aliwerenge.

Agogo anu a Esinati ankasoka madiresi ndi kupenda zitenje pakhonde pathu ku Kabwata. Manja anali nawo, koma osoketsa kunalibe. Tsiku lina ndikuchokera kuntchito ndinapeza afundika makina awo ndi nsalu, atakhala pambali pake.

"Ba Banda, ine nibwelela ku munzi," anatero. "Muno mu Lusaka kulibe oniziba."

Esinati sanali mkazi wokhala manja lende m'nyumba ya munthu, ndipo ndinadziwa kuti makinawo akangokwera basi ya kwawo ku Katete, mwini wake sindidzamuonanso mu tauni muno.

Ndinayamba ndi ku Kabulonga, poganiza kuti osoketsa ali kumene kuli mipanda yaitali. Ndinagula penti, ndinabwereka makwerero, n'kulemba ESINATI WOSOKA pa khoma lochokera ku Kabulonga mpaka kukalowa Woodlands, zilembo zake zazikulu moti mvula itagwa alonda a m'deralo anausa pansi pa chilembo choyambacho osanyowa ngakhale phewa, ndipo oyendetsa ndege anayamba kulondola khomalo akafuna kutera. Mukumva? Koma anthu a kumeneko amadutsa m'magalimoto otseka magalasi, maso ali kutsogolo. Anawerenga ndi agalu okha, ndipo mmodzi anabweradi mpaka ku Kabwata, koma galu sasoketsa diresi.

Kenako ndinapita ku siteshoni ya mabasi ya Intercity, kumene kumadutsa aliyense wobadwa ndi miyendo. Ndinakwera padenga n'kufuula dzina lija ndi mawu onse a m'chifuwa, moti anyamata oitanira mabasi anasowa mawu mpaka dzuwa kulowa, ndipo dzinalo linalowa m'mabasi, linakhala pamipando osalipira, linatsikira ku Mongu ndi ku Kitwe, kumene mpaka lero atsikana obadwa chaka chimenecho ndi a Esinati okhaokha. Ndikulumbira. Koma wapaulendo maso ake amakhala pa katundu wake, ndipo pakhonde pathu sipanafike munthu. Esinati anayamba kumanga mapoto m'thumba.

Sabata yomweyo kunagwa maliro ku Chelstone, a mnzanga wa kuntchito. Amuna tinakhala panja monga mwa mwambo, ndipo itafika nthawi yanga yolowa m'nyumba kukapepesa, ndinagwada n'kuona chimene maso anga anali asanachione bwino. Amayi anali pansi, mipando itatulutsidwa, miyendo atatambasula, mitu atazolika, ndipo amakhala choncho masiku onse a maliro. Maso awo alibe kopita. Amangoyang'ana m'munsi mwa chitenje cha mnzawo. Pamaliro sulengeza malonda, zimenezo ndi zamanyazi, koma palibe amene analetsapo mayi kunong'oneza mnzake kuti, "Anakusokelani ndani?"

Ndinathamanga kuchokera ku Chelstone mpaka ku Kabwata, maminibasi ndikuwasiya m'mbuyo, ndipo ndinamasula thumba la mapoto lija ndi manja angawa. Ndinati, mayi, pa mpendero wa chitenje chilichonse sokanipo dzina lanu ndi la Kabwata, zilembo zing'onozing'ono, ndi ulusi wofiira.

Mwezi usanathe mzere wa amayi unachokera pakhonde pathu mpaka ku Kamwala, moti wakumapeto ankagula nsalu m'sitolo ali pamzere womwewo, ndipo nsalu zitatha eni masitolo anatsitsa makatani a m'nyumba zawo n'kugulitsa, makina aja anatentha mpaka tinkawiritsirapo tiyi wa odikira, singano inatha ndi kusoka mpaka kusanduka tsitsi, ndipo amayi a ku Kabulonga omwe aja anatsika m'magalimoto awo n'kukhala pansi pa simenti yathu kudikira muyeso. Mukumva? Za ku Katete sizinatchulidwenso.

Esinati anakhala nane mpaka tsiku limene tinamunyamula. Pamaliro ake ndinalowa m'nyumba mutu uli pansi, ndipo kulikonse kumene ndinaponya diso, pa mwendo wa mayi aliyense, panali dzina lake la ulusi wofiira. Ndinalira ngati mwana, sindikubisa.

Ndikudziwa zimene amayi anu amakuuzani kukhitchini, zoti nzeru ya mpendero inali ya Esinati mwini, ine ndinangogula ulusi. Anene. Panthawiyo n'kuti iwo asanamere ndi mano omwe. Munthu mmodzi yekha ndiye anali ndi mphamvu yondidula pakati pa nkhani imeneyi, ankayang'ana pa makina ake osatukula mutu n'kunena kuti, "Ba Banda, lekani boza." Ndakhala ndikuikamba chaka ndi chaka, ndikuwonjezerapo dala, ndipo palibe amene wandiletsa.