Pulasitiki pamipando

Mpaka lero apongozi anga aamuna sakwera galimoto yanga. Amati minibasi ili bwino.

Galimotoyo ndinaigula yakale, yolowera pa boda ya Songwe, koma mipando yake inali ngati yatsopano. Mnzanga wina ku ofesi anandionetsa mpando wa galimoto yake, wong'ambika m'mbali. "Kulowa ndi kutuluka kumeneku, achimwene. Thalauza imadya mpando."

Ndinachita mantha. Ndinagula pulasitiki yokhuthala pamsika wa Karonga n'kukuta mipando yonse. Ndinaikanso lamulo: munthu ayambe wakhala, kenako anyamule miyendo, osakwekwesa thako. (Mkazi wanga anamvera sabata yoyamba yokha.)

Ndiye kunabwera ukwati wa mlamu wanga ku Chilumba, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Apongozi, amene anayenera kulankhula m'malo mwa banja, anavala suti ya khaki yowala. Ndinawafotokozera kalowedwe. Iwo anandifunsa ine mkamwini wawo:

"Mkweni, ndilowe chammbuyo ngati ng'ombe yokana dibi?"

Analowa ndithu. Mawindo ndinatseka kuopa fumbi. Njira yonse anangoti chete, ine n'kumati akukonzekera mawu.

Titafika patchalitchi anayesa kutuluka, koma pulasitiki inawagwira. Itawasiya inalira mokweza, kulira kumene sindingakulembe pano. Amayi a kwaya anasiya kuyimba. Apongozi atatembenuka, thalauza yonse kumbuyo inali yonyowa mpaka m'mawondo.

"Adada, mwatani?" anafunsa mkazi wanga.

"Funsa mwamuna wako."

Ndinayamba kufotokozera anthu kuti ndi thukuta chabe, kuti pulasitiki siitulutsa mpweya. Palibe amene anandifunsa. Pofuna umboni, ndinatembenuka n'kuwaonetsa thalauza yanga, yonyowanso chimodzimodzi. (Sindikudziwa chifukwa chake ndinaganiza kuti zimenezi zithandiza.)

"Hii, onse awiri?" anatero mayi wina, n'kugwira pakamwa.

Apongozi analankhula paukwatiwo atatsamira khoma. Pojambula zithunzi anakana kusuntha, mpaka akwati ndi amene anawatsatira kukhomako. Pobwerera anakwera lole ya akwaya.

Mkazi wanga anang'amba pulasitiki yonse titangofika kunyumba. Panopa mpando wanga wayamba kutha m'mbali, ndipo ndikauona mtima umawawa. Ndamva kuti ena amayala chikopa cha mbuzi, akuti sichitentha. Koma ine mbuzi ndilibe. Amene ali nazo ndi apongozi, ndipo poyambira sindinapapeze.