Mizati ya M'dimba la Apongozi

Anzanga ena ukwati wawo unachedwa chifukwa cha chibalo, ena chifukwa cha mikangano ya abale. Wanga unachedwa chifukwa cha nyemba, ndipo ndineneretu kuti nyembazo sizinalakwe kanthu.

Nthawi imeneyo njanji inali itangofika kumene ku Moatize, ndipo ine ndinkagwira ntchito mu mgodi wa malasha. Sindinkakumba ayi. Ntchito yanga inali yoimika mizati yochirikiza denga la mgodi kuti lisagwere anthu, ndipo ndinkaidziwa, zimenezo ndisabise. Kapatazi wathu, ndiye kuti kapitawo, ankatukwana aliyense kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, koma mzati wanga ankangougogoda kamodzi n'kumapitirira. (Kwa munthu ameneyo, kumeneko kunali kuyamika kwakukulu.)

Ndiye ndinaona Luwiza, mtsikana wa ku Zóbuè amene anabwera kudzaona mlongo wake, mnzanga wa pantchito. Mawu anayenda, ankhoswe anakumana, koma amalume ake anakana kupereka mwana kwa munthu amene sanamuonepo atagwira khasu. Anati anthu a kumgodi amadziwa kudya, kulima sadziwa. Ndikakhale kwawo nyengo imodzi ya dimba, andione manja, za ukwati pambuyo. Ndinatsanzika kwa kapatazi n'kukwera kumapiri, nkhwangwa yanga paphewa.

Kumeneko ulemu wa pakati pa mkamwini ndi apongozi aakazi unali wosasewera nawo. Sitinkayang'anana, sitinkalankhulana. Tikakumana panjira iwo ankapatukira kutchire la uku, ine la uko, aliyense nkhope kumbali. Mawu onse ankadzera mwa Luwiza, ngakhale titakhala pabwalo limodzi.

Apongozi anali ndi nyemba zoyanga, zamawangamawanga, mbewu imene ankasunga mumphika wa phulusa chaka ndi chaka. Chaka chimenecho anabzala mphika wonse m'dimba la kumtsinje. Tsiku lina Luwiza anandiuza kuti amayi akuti nyemba zayamba kuyanga, ndikaziikire mitengo yoti zikwerepo. Uwu ndiwo unali mayeso anga, ndipo ndinaseka mumtima. Kuuza ine za kuimika mitengo kunali ngati kuphunzitsa nsomba kusambira.

Ndinayamba ndazungulira madimba a anthu ena kuti ndione mmene amachitira. Ndinamva chisoni. Timabango, tinthambi tosaposa chala kunenepa, tozikidwa mopendama, tina tomangidwa pamwamba ndi udzu. Kumgodi munthu woimika zoterozo denga likanamukwirira, sitikanamupeza n'komwe kuti timudzudzule. Ndinaganiza kuti anthuwa ndi abwino, kungoti sanapezepo wowaphunzitsa.

Ndinatha masiku atatu m'phiri ndikudula mitengo ya mombo yonenepa ngati ntchafu. Uliwonse ndinausenda makungwa mpaka kusalala, chifukwa kumgodi mzati wa makungwa umabisa chiswe. Ndinakumba maenje olowa mkono wonse m'mbali mwa mizere ya nyemba. (Nyemba zina zinazuka pokumbapo, koma ntchito yaikulu siilephera kukhala ndi ovulala.) Ndinazika mizati, ndinasinja dothi, ndinaika mitanda pamwamba. Kenaka ndinayala mitengo ina pamitandapo mothinana, pakuti mzati wopanda denga loti unyamule ine sindinkaumvetsa. Pomaliza ndinayenda ndikugogoda uliwonse ndi chidendene cha nkhwangwa, khutu pafupi, ndipo yonse inalira bwino.

Masiku onsewo apongozi ankathirira mpiru kuseri kwa nthochi, atandipatsa msana. Tsiku loyala denga Luwiza anabwera.

"Amayi akufunsa kuti mukumanga chiyani."

"Ukawauze kuti asade nkhawa. Sichigwa."

Anapita, anakambirana kuseri kwa nthochi kuja nthawi yaitali ndithu, kenaka anabwerako n'kundiuza kuti amayi akuti zikomo. Ndinakondwa. Sindinaganize kuti munthu amene mwambo sumulola kukuyang'ana, sumulolanso kukulanda nkhwangwa.

Anthu anayamba kudzaona. Bambo wina anafunsa ngati ansembe atsegula kachisi watsopano kumtsinje, ndipo mnzake, posafuna kulakwa, anavula chipewa. Ine ndinkawayankha mwaulemu n'kuwalonjeza kuti ndikapeza mpata ndidzawathandiza m'madimba mwawo. Onse anati ndisavutike.

Tsopano nyemba. Nyemba ikamafuna kukwera, nsonga yake imazungulira mumpweya kufunafuna kanthu kochepa koti ikulunge. Zanga zinkafika pamzati, n'kuukhudza, n'kulephera kuuzungulira, n'kutsetsereka pansi. Ndinaziona m'mawa wina zonse zitagona m'tsinde mwa mizati ngati anthu obwera kumowa. Ndinati ndizithandize. Ndinagwada tsiku lathunthu ndikukulunga iliyonse pamzati ndi manja anga. Kutacha ndinapeza zonse zadzimasula. Ndinabwereza, zinadzimasulanso. Luwiza ndiye anandiuza monong'ona kuti nyemba ili ndi mbali yake imodzi yozungulira, ndipo ine ndinkazikulunga mbali inayo. Ndinazimanga ndi luzi la mombo uja. Luzi linauma, linafinya, nsonga zinafota.

Denga nalo linagwira ntchito yake mokhulupirika: dzuwa silinalowe. Masamba anasanduka achikasu, zogona pansi zinaola ndi madzi othirira, zotsala nkhono zinadya. Mu dimba monse nyemba imodzi yokha ndiyo inakwera. Inali kumapeto kwa mzere, kunja kwa denga, ndipo inakwera paphesi louma la chimanga limene ndinaiwala kuzula. Inabereka bwino kwambiri. Ndinkaidutsa osaiyang'ana.

Tsiku logamula amalume a Luwiza anabwera kudimba. Anakankha mzati ndi phewa, sunagwedezeke. Anauponda, chimodzimodzi. Anayang'ana pansi pamene panayenera kukhala nyemba, kenaka anakhala pamthunzi wa denga langa n'kuyamba kupichira fodya. Apa mantha anandigwira zenizeni. Ntchito ndinali nditaisiya, Luwiza ndinkamukonda, ndipo ndinkaona msewu wa ku Moatize ukundidikira ndili ndekha ndi nkhwangwa. Amalumewo anati dimba ndi la mlongo wawo, wogamula ndi iyeyo.

Apongozi anali kuseri kwa nthochi, mapazi khumi kuchokera pamene ndinagwada. Ndinkamva mawu alionse, koma ankalankhula kwa mwana wawo.

"Umuuze kuti munthu waulesi akadandiphera mizere iwiri. Iyeyu wandiphera dimba lonse chifukwa cha khama, ndiye sindimuthamangitsa. Koma mbewu ija anandipatsa amayi anga tsiku limene ndinkakwatiwa, ndipo ndinati ndidzakutapire iwe pa tsiku lako. Atole za paphesi zija. Mphika ukadzadzaza, ukwati ulipo."

Luwiza anatembenuka kuti andibwerezere, koma ine ndinali nditamva kale zonse. Aka kanali koyamba kuti ndichite manyazi, ndipo anali manyazi aakulu.

Za paphesi zija zinakwana dzanja limodzi, losadzaza bwino. Ndinazibzala ndi mvula, ndinakolola, ndinabzalanso m'dimba chaka chotsatira. Kumgodi malo anga anatenga wina. Mizati ija ndinazula ndekha, ntchito ya sabata ziwiri, chifukwa amene anaizika ankadziwa ntchito. Ndinadula bango, ndinalizika mopendama, ndinamanga pamwamba ndi udzu monga amachitira anthu onse, ndipo nyemba zinakwera osandifunsa. Mphika unadzaza mwezi wa Okutobala, ndipo tinakwatirana mvula isanagwe.

Ndivomere chinthu chimodzi chokha. Bango limagwedezeka kukachita mphepo, ndipo mtima wanga sunkapirira kuliona. Choncho pangodya ya kumunsi, pamene masamba anali owirira, ndinazikapo mzati umodzi, waung'ono ndithu, wonenepa ngati mkono basi, n'kuuphimba bwino. Palibe amene ananenapo kanthu nyengo yonseyo. Pa tsiku la ukwati, anthu akuvina, Luwiza anandiweramira kukhutu.

"Amayi akuti anauona."