Chaka chimene agogo Zakeyu anamwalira

Masiku ano ndikamatsika minibasi pa Lizulu ndimatsitsa chipewa kumaso. Pali amayi ena ogulitsa kachewere amene akangondiona amagundana zigongono, ndipo mmodzi salephera kundifunsa mokweza ngati lero khasu ndaliiwala. Sindiwakwiyira, ndinaziyamba dala.

Mayi anga atayamba kufooka miyendo anatiitanitsa tonse n'kupempha chinthu chimodzi: kuona chiliza pamanda a bambo awo, agogo Zakeyu, iwo adakali moyo. Mtumbira unali utayamba kufafanizika, ndipo ankaopa kuti iwo akadzapita palibe adzadziwe pamene nkhalambayo inagona. Mwala tinagula, mwambo tinauika pambuyo pa kukolola. Koma wozokota mwala ku Lilongwe anafunsa funso limene linatibalalitsa: alembe kuti agogowo anamwalira chaka chanji? Amalume anatchula chaka chawo, mayi aang'ono chawonso, mpaka anayamba kulozana zala.

Apa m'pamene ndinadziguguda pachifuwa. Ine ndimaphunzitsa mbiri yakale ku sekondale (ndipo sindichedwa kukumbutsa anthu zimenezi), ndiye ndinalengeza kuti mitu ya anthu imaiwala, ndibweretsa pepala la chidindo cha boma. Mayi anatsegula pakamwa kuti anenepo kanthu, ine n'kuwadula.

"Mayi, inu pumulani. Izi n'za ofufuza."

Anangoyang'ana kumbali.

Ndinayambira ku Boma, nditamanga tayi, ku ofesi imene amalemba obadwa ndi omwalira. Mayi wa pakauntala anandimvetsera bwino ndithu. Anafunsa ngati agogo anamwalirira kuchipatala, ndinati sindikudziwa. Anafunsa chaka, ndinati n'chimene ndadzera. Pomwepo anandifotokozera mofatsa kuti zaka zimenezo imfa ya kumudzi sinkafika ku ofesi: anthu ankalira, kuika, kumeta, basi. Anandilangiza kukafunsa akuluakulu akumudzi. Ndinamuyankha kuti akuluakuluwo ndi amene ndikuwathawa, ndipo ndinatuluka ndikuyenda ngati munthu wolakwiridwa.

Kuchoka apo ndinapita kutchalitchi chakwathu. Mlembi wa mpingo anandikokera bokosi lachitsulo la mabuku akale, koma titatsegula tinapeza kuti chiswe chinawerenga kale mabukuwo mpaka chikuto. Pondipepesa anawonjezera kuti ngakhale akanakhala athunthu, dzina la agogo silikanapezeka msanga, popeza pamene ankamwalira n'kuti atadulidwa mumpingo chifukwa cha mowa. (Izi kubanja kwathu sanandiuzepo. Ife timangomva kuti anali katswiri wovina ngoma.)

Munthu wanzeru akanabwerera pamenepa. Koma ndinakumbukira kuti pa mkangano uja amalume anatchula za mtanda wachitsulo umene unazikidwa pamanda paja, wokhomedwapo manambala ndi msomali. Ndinaganiza kuti mtandawo unagwa n'kukwiririka, ndipo ndikangopalasa pang'ono umboni utuluka. Loweruka masana ndinatsika pa Lizulu, ndinagula khasu latsopano ndi thumba loti ndizigwadirapo kuopa kudetsa buluku, n'kuvala magolovesi amene ndinabwereka kwa mphunzitsi wa sayansi. Sindinadzere pakhomo pa mayi, sindinapereke moni kwa aliyense. Ndinkafuna kukafika kunyumba chitsulo chili m'manja.

Inde, ndikudziwa. Kumanda salowako chilowerelowere. Popanda maliro umayamba wapempha kwa amfumu, ndipo adzukulu, anthu okumba manda aja, ndiwo amakutsogolera. Mwambo umenewu ndimauphunzitsa m'kalasi, ana n'kumalemba mayeso. Kungoti tsiku limenelo ndinkaona ngati ukukhudza anthu osavala tayi.

Ndinasankha mtumbira wakale wa pansi pa mtengo, umene mtima unandiuza kuti ndi womwewo, n'kuyamba kukumba chakumutu. Khasu linali lisanalowe kwenikweni pamene mayi wina wochokera kudimba anadutsa m'kanjira ka m'mphepete. Taganizirani zimene anaona: bambo wachilendo, wa tayi, magolovesi m'manja, thumba pambali, akukumba manda dzuwa likuswa mtengo. Dengu la kabichi analiponya uko, mfuu n'kuikuwa.

Sindinadziwe kuti mudzi wathu uli ndi anthu ambiri chotero, ndiponso kuti zibonga amazisunga pafupi. Mantha anandigwira. Ndinayesa kubisala kuseri kwa chiliza cha munthu wina, foni n'kulira m'thumba la buluku. Atandizungulira ndinafotokoza kuti ndikuchita kafukufuku, mnyamata wina n'kundilanda thumba lija, kulikutumula kuti aone mafupa amene ndatolera kale. Wina anali atayamba kuvula malaya.

Anandipulumutsa ndi a Gwaza, mkulu wa adzukulu, munthu wamfupi wa nthabwala zosatha. Anandiyang'ana kumaso, kenako m'mbali, n'kuuza anthu kuti atsitse zibonga, makutu otambasuka chonchi ndi a kwa Zakeyu basi. Adzukulu paja amaloledwa kunyoza aliyense wa m'mudzi, ndipo a Gwaza mwayi umenewu sanautaye.

"Aphunzitsi, mwawakumba bwino, koma si agogo anu awa. Awa ndi Nachisale, amene ankalimbirana nawo malire a dimba moyo wawo wonse. Agogo anu analephera kuwasuntha ali moyo, ndiye atuma inu?"

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Anandiyendetsa pakati pa mudzi khasu lili paphewa, magolovesi ndisanavule, mpaka kwa amfumu, kumene mlandu sunatalike: mbuzi imodzi ya abale a Nachisale, nkhuku ya adzukulu okakwirira pamene ndinakumba. Zonsezi ndinapirira. Chimene chinandipweteka ndi kuona mayi anga akubwera nawo pa ngolo, miyendo yawo yotupa ija atayala pa chitenje, kudzapepesera mwana wa imvi.

Titafika kunyumba anandisiya ndimwe madzi kaye. Kenako anandifunsa ngati tsopano ofufuza angalole kuti iwo alankhule.

Nkhani yake inali yotere. Pa Lizulu msewu ndiwo malire: tsidya lino Malawi, tsidya linalo Mozambique. Agogo anawoloka tsiku lina kukamwa masese kwa anzawo, n'kugwa pomwepo chipanda chili m'manja. Inali nthawi ya Apwitikizi, ndipo kuwolotsa mtembo kukanafuna mapepala, mafunso, mwinanso kumangidwa. Abale awo anangowaveka chipewa ndi jekete, kuwakhazika m'ngolo atawatsamiritsa pa matumba, n'kuwoloka nawo msewu akuimba nyimbo za pamowa. Akazi analetsedwa kulira mpaka ngolo italowa m'mudzi. Ndiye kwa a ku Mozambique agogo anachoka ataledzera, kwa a ku Malawi anabwera ataledzera. Palibe dziko limene likudziwa kuti anamwalira.

Ndinafunsa ndi mawu otsika za chaka. Mayi anati chimenecho n'chosavuta: pa maliropo anali ndi pakati panga, ndipo ndinabadwa anthu asanamete. Mtima unabwerera m'malo. Ndinasolola chiphaso changa cha unzika, chidindo cha boma chili pomwepo, n'kuchikweza m'mwamba kuti amalume aone kuti pepala lapambana ndithu.

"Bweza kachiphaso kakoko," anatero mayi. "Iwe unachedwa ndi kuweta ng'ombe. Tinakuchotsera zaka kuti akulandire kusukulu."

"Zingati, mayi?"

"Ziwiri kapena zitatu. Funsa amalume ako."

Amalume anati ziwiri, mayi aang'ono anati zinayi, mkangano uja unayambiranso, koma tsopano wokanganirana ndinali ine.

Chiliza tinatsegula pa nthawi yake, pamanda enieni amene a Gwaza anatilozera, kutali ndithu ndi mtengo uja. Mawu a pamwala anasankha ndi mayi: dzina la agogo, chiwongo chawo, ndi mzere woti anagona chaka chimene mdzukulu wawo woyamba anabadwa. Atachotsa nsalu, mayi anasisita zilembozo ndi zala, analira pang'ono, kenako anati tsopano akhoza kugona tulo. Inenso ndinalira, sindibisa. A Gwaza anadikira kuti ndipukute misozi, n'kundinong'oneza kuti ndizidzisamala poyenda, poti kalata ya imfa ya agogo ndine ndemwe ndipo ilibe inzake.

Mukuganiza kuti ndinatolapo phunziro? Lolemba lotsatira ndinamanganso tayi, ulendo wa ku Boma, kukafufuza chaka chenicheni chimene ndinabadwa. Mayi wa pakauntala uja anandizindikira ndisanakhale pansi. Anamvetsera nkhani yonse, anaika cholembera pansi, n'kundifunsa ngati ulendo uno ndayamba ndafunsa mayi anga.