Maluwa a Mama Njeri ndi pampu ya udzudzu

Pali chithunzi china cha ukwati chimene ndikachiona mpaka lero ndimamva kuzizira kumsana. Ukwatiwo sunali wanga, mkwatibwi sanali m'bale wanga, koma zimene zili pa diresi lake ndi ntchito ya manja anga.

Kunali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndikugwira ntchito ku bungwe lina la mayiko ambiri ku Nairobi. Tinkachita lendi nyumba yakale ku Upper Hill, nthawi imeneyo kukadali mitengo ndi kapinga, nyumba zosanja zisanamere. Mwini nyumbayo anali mayi wamasiye wachikikuyu, Mama Njeri, amene anasamukira kumunda kwawo ku Limuru amuna awo atamwalira. Tsiku lotipatsa makiyi sananenepo za mazenera kapena mipope. Anatitengera kuseri kwa khonde n'kutionetsa mzere wa zitsamba za hayidiranjiya, maluwa aja amabwera m'mitu ikuluikulu ngati kabichi, onse abuluu. Anati anabzala ndi malemu amuna awo, ndipo mwana wawo Njeri akamadzakwatiwa adzanyamula maluwa amenewo.

Ine ndinawauza kuti asade nkhawa. Ndinakulira pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, bambo anga anali kapitawo wa odulira, choncho za zomera n'zam'magazi. (Akazi anga, amayi a Chikondi, anandiponda phazi. Ndinayesa ngozi chabe.)

Itafika Julaye, kunazizira moti ndinayamba kukayikira ngati tinalidi mu Afirika. Dzuwa linasowa, m'mawa kuli chifunga, anzanga a ku ofesi akungoti baridi, baridi, ndiko kuzizira m'Chiswahili, manja ali m'khwapa. Zitsamba zija zinayoyola masamba, kutsala timitengo touma ngati zinangwa zokololedwa. Ndinaziyang'ana ndi diso la mwana wa kapitawo. Kwathu tiyi akakalamba timamudula mpaka m'mawondo, ndiye amaphukira mwaukali. Loweruka lina ndinanola chikwanje n'kumeta mzere wonse bwinobwino, pamwamba pake kusalala ngati tebulo. Ndinaitana amayi a Chikondi kuti adzaone. Anaona, anagwira pakamwa, n'kubwerera kukhitchini.

Mvula itabwera zinaphukiradi. Masamba ake anali obiriwira, onenepa, akulu ngati mbale. Koma duwa ndi limodzi lomwe ayi. Ndinadzamva pambuyo pake kuti maluwa amenewa amatuluka pa nthambi za chaka chatha, ndiye kuti zimene ndinatentha kudzala zija zinali maluwa onse a Khirisimasi. Safunsa anadya phula.

Mama Njeri atabwera mu Disembala anaima nthawi yaitali akuyang'ana masamba okhaokhawo. Ndinafulumira kunena kuti ndi kuzizira kwa chaka chino, sikunachitikepo. Iwo anagwedeza mutu n'kuti inde, baridi inali yoopsa. Kenaka anandiuza kuti Njeri wapeza banja, ukwati udzakhala Disembala wotsatira, ndipo madiresi a operekeza adzasoketsa abuluu kuti afanane ndi maluwa a bambo ake. Ndinaseka nawo ngati wokondwa. Tikanachotsedwa m'nyumba imeneyo, ina yoyandikira sukulu ya Chikondi sitikanaipeza, ndipo choposa apo, ndinali nditawononga chinthu cha munthu womwalira.

Julaye wotsatira chikwanje ndinachibisa ndekha. Popeza mlandu ndinaukankhira kuzizira, ndinayambanso kukhulupirira bodza langa lomwe. Ndinapita ku Industrial Area kukapempha ziguduli, ndipo madzulo alionse ndikaweruka ndinkafunditsa chitsamba chilichonse ngati wodwala malungo. Oyandikana nawo ankasuzumira pampanda n'kumafunsa ngati odwala agona bwanji. Komanso tinkaotha mbaula tsiku ndi tsiku, phulusa linali lambiri. Kwathu phulusa ndi mankhwala a chilichonse cha m'dimba, chiswe chimathawa, mpiru umanona. Ndinathira phulusa. Ndinathiranso. Miyezi yonse yozizirayo phulusa la m'nyumba mwathu silinapite kudzala.

Kumapeto kwa Okutobala timitu tinayamba kuoneka, tambirimbiri, tobiriwira. Ndinavina pakapinga, tayi ali m'khosi. Ndinaimbira foni Mama Njeri kuwauza kuti maluwa achita kuposa kale, iwo n'kulira pafoni pomwepo.

Ndiye anayamba kusintha mtundu. Poyamba ndinati ndi maso anga. Ndinapukuta magalasi. Ndinadikira sabata, ndikuti mwina buluu amayamba choncho. Koma ayi ndithu, mzere wonse unali wapinki, pinki weniweni wa diresi la mwana wa mkalasi yoyamba. Ndinakhala pansi pa udzu wonyowa. Duwa lingasinthe bwanji mtundu pa tsinde lomwelo? Ndinafika poganiza kuti malemu aja akwiya.

"Bambo a Chikondi, imbani foni muwauze zoona," anatero akazi anga. "Nthawi ikadalipo, angathe kupeza ena ku Limuru."

Malangizo abwino zedi. Sindinawatsate. (Amene muli pabanja mukudziwa kuti malangizo abwino amawawa kwambiri akachokera kwa munthu amene anakupondani phazi pachiyambi.)

M'malo mwake ndinauza Mama Njeri kuti asavutike kubwera, ali ndi zambiri, ine ndidzadula ndekha n'kubweretsa kutchalitchi. Lachisanu masana ndinatenga buluu wochapira zovala n'kusungunula m'beseni. Nditayesa pa duwa limodzi linangoda ngati bilinganya. Ndinawonjezera inki ya m'botolo, ija tinkathira m'mapeni. Ndinatsuka pampu yopopera udzudzu, kuthiramo msuziwo, n'kuyamba kupopera mutu umodziumodzi. Abale anga, zinatheka. Atauma anali abuluu kuposa thambo. Zala zanga nazo zinali zabuluu, koma ndinati ndidzaziika m'thumba. Amayi a Chikondi anati iwo kuukwatiko sapita, mutu ukuwapweteka, ndipo ukhala ukuwapweteka mpaka Lolemba.

Loweruka m'mawa ndinafika kutchalitchi ndi dengu lodzaza. Mama Njeri ananyamula mutu umodzi, kuuyang'ana, misozi n'kulengeza. Anati sanaonepo atakhwima mtundu chonchi, ndiye kuti bambo ake a Njeri abwera nawo kuukwati. Apo ndiye ndinafuna nthaka ing'ambike. Azakhali ena anamanga maluwawo ndi riboni, lalikulu la mkwatibwi, ang'onoang'ono a operekeza, lina n'kumubaya mkwati pachifuwa pa jekete loyera.

Mwambo unayenda bwino. Ndinapemphera kuposa abusa, pemphero langa limodzi lokha, lakuti kunja kukhale kouma. Titatuluka kukajambulitsa pamasitepe, mtambo umene unali cha kumapiri a Ngong unali utafika pamutu. Wojambula anati tiime kaye pang'ono, atenge chimodzi chokha. Madontho oyamba anagwa, kenaka inakhuthuka. Njeri, pofuna kuteteza maluwa a bambo ake, anawakumbatira pachifuwa.

Ndinaona mzere woyamba wabuluu ukutsika pa diresi loyera lija pang'onopang'ono, wina n'kutsatira. Magolovesi ake anasanduka abuluu. Jekete la mkwati linkaoneka ngati peni yamuphulikira m'thumba. Ndipo m'manja mwa mkwatibwi, anthu onse akuona, maluwa anayamba kubwerera ku pinki. Mayi wina anayamba kupemphera mokweza m'chikikuyu. Ine pofuna kuthandiza ndinatulutsa kampango m'thumba, kuiwala zala zija. Mama Njeri anayang'ana diresi, anayang'ana dzanja langa, kenaka nkhope yanga. Kumadyerero sindinafike.

Patapita masiku Mama Njeri anabwera kunyumba. Tinali titayamba kale kufunsa za makatoni olongedzera katundu. Anakana kukhala pampando, anapita molunjika kuseri kwa khonde, ine ndikutsatira ngati mbuzi yopita kumsika. Ndinaulula za inki, za buluu, za pampu. Anafunsa chimene ndinkathira pansi, ndinati phulusa. Anapumira m'mwamba n'kundiuza kuti phulusa ndi limene limawasandutsa apinki. Malemu amuna awo ankakhuthulira pamenepo masamba a tiyi otsala m'ketulo m'mawa uliwonse, chifukwa maluwawa amafuna dothi longa limene tiyi amakonda. Ine mwana wa ku Thyolo, masamba a tiyi ndinkataya kudzala tsiku lililonse, kudutsa pa zitsamba zomwezo.

Ndinayesa kudzitchinjiriza ndi chimodzi chimene chinatsala. Ndinati zonsezi zinayamba ndi kuzizira kwa chaka chatha kuja.

"Bwana Malawi," anatero mofatsa, "ndabadwira kuno ine. Baridi ya ku Nairobi siyenda ndi chikwanje."

Ndiye kuti ankadziwa chaka chonse. Anaona zitsa zosalala zija tsiku lomwe lija, n'kungondisiya kuti mwina ndinena ndekha.

M'nyumba sanatichotse. Anatsegula chikwama n'kutulutsa chithunzi cha m'felemu, chija wojambula anati chimodzi chokha: Njeri ali kukamwa yasa, diresi lili mizeremizere, ine ndili kumbali ndi dzanja labuluu m'mwamba. Anati Njeri walira mokwanira, tsopano wayamba kuseka, koma chithunzichi chikhale pabalaza pathu nthawi yonse imene tidzakhale m'nyumba yawo. Anakhoma okha msomali.

Tinakhalamo zaka zina zingapo, ndipo mlendo aliyense ankafunsa. Ndinkamwa tiyi ngati ntchito, maluwa n'kubwerera pang'onopang'ono ku buluu. Pobwerera kumudzi ndinasiya chithunzicho pakhoma mwadala, koma titamasula katundu ku Bvumbwe ndinachipeza pakati pa mabulangete. Amayi a Chikondi anachikhoma moyang'anizana ndi mpando wanga. Masiku ano ndikangoyamba kuuza alendo kuti za zomera n'zam'magazi, sandipondanso phazi. Amangodzuka n'kukachipukuta fumbi.